ZA MAGALIMOTO NDI MAKINA: Kamthenga Kobisala Pansi pa Phazi la Dalaivala

Munthu aliyense amene anayendapo ulendo wocokera ku Lusaka kunka kum'mwera adziwa kuti tauni ya Kafue siilambalalika. Mseu waukulu umapyola pakati peni-peni pa tauniyi, pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kucokera mu Lusaka, ndipo ukaoloka mlatho wa mtsinje wa Kafue umagawika pawiri pa Turnpike. Nthambi ina imalunjika ku Chirundu, pa malire ndi Zimbabwe, pamene inzake imakwera mapiri a Munali kunka ku Mazabuka mpaka ku Livingstone. Cotero usana ndi usiku pamakhala mdipiti wa magalimoto. Malole a mkuwa, a feteleza ndi a mafuta, mabasi a maulendo atali ndi maminibasi, onse amatsatana mphuno ndi mcira ngati ng'ombe zopita ku dibi.

Pa mseu wotere galimoto siiyenda nthawi yaitali osacepetsa liwiro. Pali geti yolipirira ya pa Shimabala, pali mahampu a m'tauni, pali ana a sukulu ooloka mseu, ndiponso pali minibasi imene imangoima mwadzidzidzi ikaona munthu wakweza dzanja. Nanga n'ciani cimene cimaletsa magalimoto onsewa kugundana? Madalaivala samvana mau, ndipo sapenyana nkhope. Cinenero cao ndi cimodzi cokha, ndico nyale zofiira za kumbuyo zimene zimayaka mnzao wa patsogolo akaponda mabuleki.

Sabata ino, inu owerenga, tikamba za kanthu kamene kamayatsa nyale zimenezo. Amakanika amakacha swichi ya mabuleki, ndipo pa magalimoto a makono amati sensa. M'mabuku a Cingerezi dzina lake ndi brake pedal position sensor, ndiko kunena kacipangizo komva pamene copondera mabuleki cafika. Kukula kwake sikaposa kweni-kweni cala cacikulu ca munthu wamkulu. Mwina wina anena kuti, “Ine ndiribe galimoto, nanga nkhaniyi indikhudza bwanji?” Koma ndinu amene mumakhala pa mpando wa kumbuyo m'minibasi, ndinu amene mumacita hayala kanta yonyamula cimanga, ndipo mwina ndi ndalama zanu za mtedza zimene zinathandiza mwana wanu kugula kagalimoto ka taxi. Nkhaniyi ndi yanu.

KANTHUKA SIKAIMITSA GALIMOTO

Tiyambe ndi kucotsa cisokonezo. Pa magalimoto ambiri kanthu aka sikagwira magudumu ai. Cimene cimaimitsa galimoto ndi mphamvu yocokera ku mwendo wa dalaivala. Iye akaponda copondera, cimene ena amati pedulo, citsulo cimakankha pisitoni m'kabotolo kacitsulo kochedwa master cylinder, ndipo mafuta a mabuleki amakankhika m'timapaipi kunka ku magudumu onse anai, kumene amakanikiza mapadi pa citsulo cozungulira pamodzi ndi gudumu. Imeneyi ndiyo njira ya mphamvu.

Koma pali njira yaciwiri, ndiyo njira ya uthenga. Phazi likatsika pali ena amene ayenera kumva msanga. Woyamba ndi dalaivala wa m'mbuyo, ndipo waciwiri, pa magalimoto a masiku ano, ndi kompyuta ya galimotoyo. Kanthu kathu ndiko kamthenga kopereka mbiri imeneyi. Monga mthenga wa mfumu, iko sikaweruza mlandu ndipo sikalipiritsa munthu; nchito yake ndi kunena zoona, ndi kuzinena pa nthawi yake. Mabuleki angakhale olimba cotani, kamthenga kakakhala cete kapena kakanama, ngozi imadzera kumbuyo kumene dalaivala sali kuyang'ana.

SWICHI YA MAKEDZANA

Mukagwada pa khomo la dalaivala ndi kuunika pansi pa ciongolero, tsatani mkono wa copondera mabuleki kukwera nao m'mwamba. Pafupi ndi pamene mkonowo wamangidwa mudzaona kanthu ka pulasitiki kokhala ndi mawaya, ndipo ku nsonga kwake kuli kamsomali kokhudza mkono uja.

Kagwiridwe kake kafanana ndi diwa. Anyamata ochera mbewa adziwa kuti mwala wa diwa sugwa pamene kamtengo kali cigwirire. Umagwa kamtengoko kakamasuka. Swichi ya mabuleki iri cimodzi-modzi. Pamene phazi liri patali, sipiring'i imakokera copondera m'mwamba, ndipo mkono wake umatsindikizira kamsomali kaja m'kati. Kamsomali kali cotsindikizidwa, tizitsulo tiwiri ta m'kati mwa swichi timakhala totalikirana, ndipo magetsi amasowa podutsa. Phazi likangotsika pang'ono, mkono umacoka, kamsomali kamatuluka, tizitsulo timakhudzana, ndipo magetsi ocokera ku batire amadutsa pa fyuzi ndi pa swichi mpaka kukafika ku mababu a kumbuyo.

Pa magalimoto ambiri babu la kumbuyo liri ndi timawaya tiwiri toyaka. Kamodzi ndi ka mawati 5, kamene kamayaka mofooka usiku wonse kuti galimoto izioneka. Kenako ndi ka mawati 21, kamene kamawala kwambiri pokha-pokha mabuleki akapondedwa. N'cifukwa cake galimoto ikhoza kuoneka ya nyale zofiira usiku, pamene nyale zake za mabuleki zinafa kale.

Magalimoto ena akale, monga Volkswagen Beetle, anali ndi swichi ya mtundu wina, yomva kukankha kwa mafuta a mabuleki. Malole a mabuleki a mpweya naonso amakhala ndi swichi yomva mphamvu ya mpweya. Koma mitundu yonseyi imadziwa mau awiri okha: inde ndi ai. Waponda kapena sanaponde, basi.

M'zaka za m'ma 1970, pamene tauni ya Kafue inali kukula cifukwa ca fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia ndi ya nsalu ya Kafue Textiles, mau awiriwa anali okwanira. Peugeot 404, Land Rover ndi lole ya Bedford zinalibe kompyuta yofuna kuuzidwa kanthu. Swichi inali kulankhula ndi mababu okha.

CIFUKWA CAKE SENSA INABWERA

Zinthu zinasintha magetsi atayamba kulamulira zigawo za galimoto. Mu 1978 kampani za ku Germany za Bosch ndi Mercedes-Benz zinaturutsa mabuleki a ABS olamulidwa ndi magetsi, amene amaletsa magudumu kukhwekhwereza dalaivala akaponda mwamphamvu. Pang'ono ndi pang'ono kompyuta inalowa mu injini, m'magiya ndi m'mabuleki. Magalimoto ambiri ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan, amene amatsikira pa doko la Dar es Salaam ndi kulowera pa Nakonde, kapena pa doko la Durban ndi kulowera pa Chirundu, ndi a mbadwo umenewu.

Opanga magalimoto anayamba ndi kuika maswichi awiri m'kabokosi kamodzi, n'cifukwa cake maswichi ambiri a makono ali ndi mawaya anai m'malo mwa awiri. Phazi likatsika, swichi imodzi imatseka njira ya magetsi pamene inzake imatsegula. Kompyuta imamvetsera zonse ziwiri monga nkhoswe imvetsera mboni ziwiri pa mlandu. Zikagwirizana imakhulupirira, zikatsutsana imadziwa kuti imodzi yadwala, ndipo imayatsa nyale ya cenjezo pamaso pa dalaivala.

Koma panafika pamene kompyuta inafuna kudziwa zoposa inde ndi ai. Taganizani za munthu woima pa khomo la depoti ya cimanga. Iye angakuuzeni kuti thumba lalowa kapena silinalowe, koma amene anena kulemera kwa thumbalo ndi sikelo. Swichi ndiye munthu wa pa khomo. Sensa ndiyo sikelo. Sensa imanena kuti copondera catsika pang'ono, catsika theka, kapena cafika pansi, ndipo poona m'mene nambala isinthira, kompyuta imadziwanso ngati phazi latsika modekha kapena mwa mantha.

M'KATI MWA SENSA

Mitundu ya sensa imene ipezeka kawiri-kawiri ndi iwiri. Woyamba ufanana ndi kokwezera mau pa wailesi. Mukapotoza kokwezera mau, m'kati mwake muli kacitsulo kamene kamayenda pa kanjira kakuda kopinga magetsi. Kakayandikira mbali imodzi mau amakwera, kakabwerera amatsika. Pa galimoto, m'malo mwa zala zanu, cimene cimapotoza ndi mkono wa copondera. Kompyuta imatumiza mphamvu yoyezedwa bwino ya mavolti 5 pa waya woyamba, waya waciwiri ndi wobwezera magetsi, ndipo waya wacitatu ndiye amabweretsa yankho. Tinene mwacitsanzo kuti phazi liri patali yankho ndi volti 1; phazi likamatsika yankho limakwera pang'ono-pang'ono kunka ku mavolti 4. Manambala eni-eni amasiyana monga mwa mtundu wa galimoto, koma nzeru yake ndi yomweyo. Bvuto la mtundu umenewu mulidziwa kale: wailesi ikakalamba, kokwezera mau kamayamba kukhelekheteza cifukwa kanjira kaja kaperepeseka kapena kalowa pfumbi. Sensa nayo ikaperepeseka imalankhula modukiza.

Mtundu waciwiri ulibe zitsulo zokhuzana konse. Umagwira nchito ndi maginito. Mu 1879 wophunzira wina wa ku America, dzina lake Edwin Hall, pa yunivesite ya Johns Hopkins mu mzinda wa Baltimore, anapeza kuti magetsi akamadutsa m'kacitsulo kopyapyala ndipo maginito akayandikira, magetsiwo amakankhikira mbali imodzi ya kacitsuloko, kotero kuti pakati pa mbali ziwirizo pamabadwa kamphamvu kakang'ono koyezeka. Maginito akayandikira kwambiri, kamphamvuko kamakula. Opanga magalimoto amamangirira timaginito ku mkono wa copondera, ndi kuika kacipangizo ka Hall pambali pake posayenda. Phazi likatsika timaginito timasuntha, yankho limasintha, ndipo kompyuta imawerenga. Popeza palibe cokhuzana, palibenso coperepeseka, ndipo sensa yotere imakhalitsa.

Apanso mwambo wa mboni ziwiri sunatayidwe. Masensa ambiri amatumiza mayankho awiri pa nthawi imodzi, ndipo pa magalimoto ena yankho limodzi limakwera pamene linzake litsika. Kompyuta imawayerekeza nthawi zonse, kuti waya mmodzi akaduka isanyengedwe.

Pali cinthu cina cimene mwini galimoto ayenera kucisunga m'mutu. Sikelo yatsopano imayamba yakonzedwa kuti iloze pa ziro popanda katundu. Momwemonso pa magalimoto ena, sensa yatsopano ikaikidwa, kompyuta iyenera kuphunzitsidwa ndi makina oyezera kuti idziwe nambala imene itanthauza kuti phazi liri patali. Zikapanda kutero nyale zikhoza kucedwa kuyaka kapena kukana kuzima, ngakhale sensayo ndi yatsopano.

AMENE AMAMVERA UTHENGAWU

Oyamba kumva ndi mababu, monga kale, ngakhale kuti pa magalimoto ena a makono uthenga umayamba wafika ku kompyuta ndipo kompyutayo ndiyo imayatsa nyale. Aciwiri ndi magiya. Pa galimoto ya otomatiki giya siicoka pa cilembo ca P ngati phazi siliri pa mabuleki, kuopa kuti mwana wosewera m'galimoto angaiyendetse. Pa galimoto ya otomatiki yoliza ndi batani m'malo mwa kiyi, injini siilira mpaka kompyuta itamva kuti mabuleki apondedwa.

Injini nayo imamvera. Mu 2009 ndi 2010 kampani ya Toyota inaitanitsa magalimoto mamiliyoni angapo kuti akonzedwe, ndipo cimodzi mwa zifukwa zake cinali cakuti mphasa ya pansi inali kukola copondera mafuta, galimoto n'kumangothamanga. Kucokera pamenepo opanga magalimoto ambiri anaika lamulo mu kompyuta lakuti zopondera ziwiri zikapondedwa pamodzi galimoto iri kuyenda, mau a mabuleki ndiwo apambane, ndipo mphamvu ya injini icepetsedwe. Lamulo limeneli lingagwire nchito pokha-pokha ngati kamthenga kanena zoona.

Palinso cithandizo ca pa ngozi. Akatswiri anaona kuti anthu ambiri akadzidzimuka amaponda mabuleki msanga koma osati mwamphamvu yokwanira. Mu 1996 Mercedes-Benz inaturutsa njira yochedwa Brake Assist, ndipo opanga ena anatsatira. Kompyuta ikamva kuti copondera catsika mwa liwiro la munthu woopa, imaonjezera mphamvu ya mabuleki yokha. Mwana akadumphira mu mseu pa msika wa Kafue, mamita ocepa amene njirayi ipulumutsa akhoza kukhala moyo wa mwanayo.

Otsiriza ndi magalimoto a hybrid, oyendera petulo ndi magetsi pamodzi, monga Toyota Prius imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1997, ndi Toyota Aqua ya mu 2011. Amene anakhalapo ndi njinga ya dainamo akumbukira kuti dainamo ikagunda tayala, nyale imayaka koma kupalasa kumalemera. Galimoto ya hybrid imagwiritsa nchito kulemera komweko. Dalaivala akaponda pang'ono, kompyuta imasandutsa mota kukhala dainamo, galimoto imacepetsa liwiro ndipo batire limadzala. Akaponda kwambiri imaonjezera mabuleki a mafuta. Pa magalimoto awa sensa yakwera udindo, pakuti kugawa nchito pakati pa dainamo ndi mapadi kumadalira mau ake. Cotero mabuleki a hybrid si oti aliyense wogwira sipanala aziwamasula.

KAMTHENGA KAKADWALA

Matenda a kanthuka ali patatu. Oyamba ndi kukhala cete: dalaivala aponda, galimoto icepetsa liwiro, koma nyale siziyaka. Aciwiri ndi kulongolola: nyale zingoyakabe ngakhale phazi lacoka. Acitatu ndi kucedwa kapena kudukiza: lero ziyaka, mawa ai, kapena ziyaka copondera citatsika kale kwambiri.

Kuti timvetse kuopsya kwake tiyeni tiwerengere pamodzi. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ora imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi, ndiwo utali wa maminibasi anai ondondozana ndi kuposerapo. Yoyenda makilomita 100 pa ora imayenda pafupi-fupi mamita 28. Dalaivala wa m'mbuyo akaona nyale yofiira amacotsa phazi pa mafuta nthawi yomweyo. Koma popanda nyale ayenera kudikira mpaka maso ake atazindikira kuti galimoto ya patsogolo iri kumuyandikira, ndipo usiku kapena pa mvula kuzindikira kumeneku kumacedwa. Akataya sekondi imodzi yokha, wataya mamita 22. Tsono ngati wa m'mbuyoyo ndi lole yodzala, imene ikhoza kulemera matani 50 ndi kuposerapo, amene ali pa mpando wotsiriza wa minibasi ndiwo amalipira mlandu umene sanaupalamule.

Nyale zongoyakabe nazo siziri bwino. Munthu wokuwa kuti “Njoka!” tsiku lonse, pomaliza anthu amaleka kumumvera. Wa m'mbuyo akaona nyale zoyaka kuyambira pa Shimabala mpaka pa mlatho amazizolowera, ndipo sadziwa nthawi imene mnzake waponda zeni-zeni. Kuonjezera apo, pa magalimoto ambiri nyale za mabuleki zimayaka ngakhale kiyi yacotsedwa, ndipo zikacezera usiku wonse batire limapezeka lakufa m'mawa. Pa magalimoto ena kompyuta, poganiza kuti phazi liri pa mabuleki, imacepetsa mphamvu ya injini, galimoto n'kumafooka popanda cifukwa cooneka.

Musayese kuti matendawa ndi a magalimoto okalamba okha. Mu 2019 kampani ya Subaru inaitanitsa magalimoto oposa 2 miliyoni pa dziko lonse, pakati pao Impreza ndi Forester, cifukwa ca swichi ya mabuleki. Kunapezeka kuti mpweya wocokera ku mankhwala ena opukutira m'galimoto ndi zonunkhiritsa, okhala ndi silicone, unali kulowa m'swichi ndi kukuta tizitsulo tija mpaka magetsi kulephera kudutsa. Phunziro lake n'lakuti musamapopere mankhwala onyezimiritsa pansi pa ciongolero pafupi ndi zopondera.

MUSANAPEREKE NDALAMA KU GALAJA

Akulu anati safunsa anadya phula. Mabanja ambiri amataya ndalama pogula batire latsopano, sitata kapena kumasulitsa bokosi la magiya, pamene colakwa ndi kanthu kochipa. Galimoto ikakana kucoka pa P, kapena ya batani ikakana kulira pamene nyale ndi wailesi ziri bwino, kapena batire likamafa usiku uliwonse, yambani mwayang'ana nyale za mabuleki.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Imikani galimoto pa malo athyathyathya, zimitsani injini, kokani handibuleki, ndipo mnzanu aime kumbuyo ca m'mbali. Pondani pang'ono-pang'ono. Nyale ziyenera kuyaka copondera citangoyamba kutsika, mabuleki asanagwire, ndi kuzima phazi likangocoka. Pa magalimoto ena muyenera kupotoza kiyi kuti magetsi ayake. Mukakhala nokha, yandikizani kumbuyo kwa galimoto ku khoma madzulo ndi kupenya kufiira kwake pa kalilole.

Magalimoto ambiri ali ndi nyale yacitatu pamwamba, pa galasi la kumbuyo, ndipo imeneyi ndi mboni yabwino. Ikayaka pamene za m'munsi zafa, swichi iri moyo. Funani bvuto ku mababu kapena ku mawaya a kumbuyo. Zonse zitatu zikafa pamodzi, onani fyuzi poyamba, ndipo pambuyo pake swichi ndi pulagi yake. Fyuzi yakupsya ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo, osati ndi waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, pakuti umo ndimo moto umayambira m'galimoto.

Nyale zikakana kuzima, yang'anani pa mphasa pansi pa zopondera. Pa magalimoto ambiri a ku Japan, pa mkono wa copondera pali kampira kakang'ono kozungulira kamene kamatsindikiza kamsomali ka swichi. Zaka ndi kutentha zimakaumitsa mpaka kusweka, ndipo kamsomali kamangolowa pa ciboo cotsalacho osatsindikizidwa. Mukapeza tizidutswa ta pulasitiki pa mphasa, mwapeza mbala ya batire lanu. Kampira katsopano ndi kochipa koposa zonse zimene tachula.

Ngati nyale ya cenjezo yayaka pamaso pa dalaivala, pitani kwa makanika amene ali ndi makina owerengera kompyuta. Pansi pa ciongolero pali soketi ya mabowo 16 polumikizira makinawo. Nambala ya P0571 imaloza ku njira ya magetsi ya swichi ya mabuleki, ndipo P0504 itanthauza kuti mboni ziwiri zija zatsutsana. Nambalazi zimaloza dera lokha. Makanika wabwino amayesabe mawaya ndi pulagi asanagule cipangizo.

Koma cenjerani ndi mmisiri wa cidule. Alipo amene, giya ikakana kucoka pa P, amangolumikiza mawaya awiri kuti kompyuta iziganiza kuti mabuleki ali cipondere, kapena amathyola loko ya giya ndi kukuuzani kuti, “Yatha, bwana.” Galimoto idzayenda ndithu, koma bvuto la nyale latsala pomwepo, ndipo kamthenga tsopano kaphunzitsidwa bodza. Magalimoto ambiri a otomatiki ali ndi kabatani pafupi ndi giya kolembedwa kuti Shift Lock. Kameneko ndi kothandiza kucotsa galimoto pa mseu ndi kuipereka ku galaja, osati koyendera mwezi wonse. Ndipo ngati mwakakamizika kuyenda kamtunda kakafupi kopita kwa makanika nyale ziri zakufa, yendani masana, pang'ono-pang'ono, ndi kukumbukira cizindikiro ca madalaivala akale: dzanja lamanja kunja kwa zenera, cikhatho coyang'ana pansi, kulikweza ndi kulitsitsa.

CIMENE SENSA SIINGATHE

Tisamalize osanena malire a kanthuka, kuti wina angayese kuti nyale zikayaka ndiye kuti mabuleki ali bwino. Pa mseu wa ku Chirundu pali materezi otsikira ku cigwa ca Zambezi, pakati pao malo ochedwa Kapiringozi, amene dzina lake lokha ndi cenjezo. Pa mseu wa ku Chipata palinso Manenekera. Pa malo otere dalaivala akatsika phazi liri pa mabuleki nthawi yonse, mapadi amatentha mpaka kuleka kugwira, ndipo mafuta a mabuleki akhoza kuwira. Nyale zidzayaka bwino lomwe, pakuti kamthenga kali kunena zoona kuti phazi laponda, koma galimoto siidzaima. Mankhwala a pa materezi ndi kulowa giya yaing'ono musanayambe kutsika, kuti injini igwire galimoto. Copondera cikayamba kufewa ngati siponji kapena kumira mpaka pansi, limenelo si bvuto la sensa. Imikani galimoto, musapitirize ulendo.

Bungwe la boma la Road Transport and Safety Agency, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la mu 2002, limayesa nyale ndi mabuleki lisanapereke cikalata ca fitinesi. Koma cikalata cimanena za tsiku limene galimoto inayesedwa, pamene babu likhoza kupsya mawa lake. Woyesa wa tsiku ndi tsiku ndi mwini galimoto, dalaivala ndi kondakitala wake. Kondakitala amazungulira minibasi kambiri pa tsiku pomanga katundu. Kuima kumbuyo kamphindi m'mawa pamene dalaivala aponda sikungamucedwetse. Oyendetsa malole akumbukire kuti nyale za ngolo yokokedwa zimadalira cingwe ca magetsi cocokera ku mutu wa lole, ndipo cingwecho cikasololoka ngolo yonse imakhala mdima.

Inunso apaulendo muli ndi pakamwa. Mukaona minibasi ifika pa siteshoni ndi kuima nyale za kumbuyo osayaka, uzani dalaivala mwaulemu, pakuti iye ali pa mpando umene sangathe kuona kumbuyo kwa galimoto yake. Dalaivala wanzeru adzathokoza, podziwa kuti wakutsina khutu ndi mnansi. Ndipo inu makolo amene ana anu ayendetsa magalimoto a anthu kapena a banja, akabwera kumudzi kudzakuonani, mwawafunsa za moyo ndi za adzukulu, afunseninso kuti nyale za mabuleki anaziyesa liti. Auzeni aponde inu muli ciimire kumbuyo, muone ndi maso anu.

Sabata ya mawa tidzakamba za mafuta a mabuleki, cifukwa cake amayamwa madzi, ndi nthawi yoyenera kuwasintha. Muyende bwino pa mseu.